Thabwa Lomwe Silinaume

Ndinafika kutada kale. Msewu unathera pa geti la mitengo. Kutsogolo kunali mdima ndi fungo la nkhosa basi. Ndinazimitsa injini. Agalu anayamba.

Chigwa chimenecho ndinali ndisanachipondepo. Ndine mwana wa m'tauni, wa ku Puerto Montt. Ndili ndi kalole kakale. Ndimanyamula chilichonse chimene munthu wandituma: mbaula, nkhuni, mabedi a anthu amene ukwati wawathera. Sindikhalitsa pamalo amodzi. Mwini nyumba akayamba kundifunsa za abale anga, ndimamanga chikwama.

Ulendo uwu anandituma ndi Gastón Mansilla wa ku Coyhaique. Amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Akaweruka amapala matabwa m'galaja ya kunyumba kwake. Anandilowetsamo kuti ndione. Zida zonse zinali pakhoma, zoyera ngati za dokotala wa mano. Pakati panaima miyendo ya tebulo, yopalidwa, yolumikizidwa, yopanda chapamwamba. Anati chapamwambacho chili kwa bambo ake, don Eleodoro. Matabwa a mtengo wa lenga, amene anacheka awiriwo kalekale. Chaka ndi chaka amapita kukatenga. Chaka ndi chaka amabwerako ndi mwendo wa nkhosa, matabwa ayi. Anati watopa, ndipo msewuwo ukumuphera galimoto.

"Akakuuzani kuti sanaume," anatero. "Musakawamvere. Mukangokweza."

Tsono ndinali pa geti. Tochi inatuluka m'nyumba. Inabwera mosafulumira. Mwini wake anali wamfupi, wa mapewa otambalala, chipewa chaubweya mpaka m'makutu. Sanandiunike ine. Anaunika mpando wa pambali panga. Anaunika kumbuyo kwa lole. Kenako anabwereranso pa mpando uja, ngati munthu angabisale pansi pake.

"Muli nokha?"

"Ndili ndekha, don Eleodoro. Dzina ndine Nibaldo. Wandituma ndi Gastón."

"Oho. Wayamba kutuma."

Anatsegula geti. Anati ndiimike pafupi ndi shedi, koma ndisaponde mbatatesi.

M'khitchini munali motentha. Mbaula ya nkhuni inali kulira, ketulo pamwamba. Anandikhazika pafupi ndi moto. Anathira madzi m'chikho cha tiyi wa kumeneko wotchedwa mate, namwa woyamba wowawa uja okha, nadzazanso. Kenako anatsala pang'ono kumwanso. Anadzigwira. Anaseka, nandipatsa chikhocho. Anati akhala akumwa okha mpaka dzanja laiwala njira yopita kwa mnzake.

Ndinayang'ana m'nyumbamo. Katundu wake anali wa mitundu iwiri. Tebulo, kabati ndi chitseko zinali zowongoka, zoda ndi utsi. Zatsopano zonse zinali zopendekeka. Shelefu ya makapu inali yonenepa mbali ina, yowonda mbali inayo. Kumapeto kwake anakhomako msomali kuti makapu asatsetsereke.

Anakazinga mikate m'mafuta a nkhosa. Anatenthetsa nyama ndi mbatatesi. Ndinadya mwachangu monga mwa chizolowezi changa. Iwo anandiyang'ana manja.

"Manja ngati a wansembe. Lole mumayendetsa ndi pemphero?"

"Wansembe sasintha tayala m'matope, madala."

"Ndiye idyani ngati munthu. Palibe akukuthamangitsani."

Anandifunsa za mwana wawo. Ngati wanenepa. Ngati akadavalabe chijasi choyera chija. Ngati mpongozi wawo anasiya kuopa agalu. Ndinalibe zambiri. Gastón ndinamuona kanthawi kosuta ndudu imodzi. Ndinawauza za galaja, za zida pakhoma, za miyendo ija. Pamenepo anasiya kutafuna. Anafuna kudziwa mmene anailumikizira, ngati anakhoma misomali. Ndinati msomali sindinauone, mtengo unangolowa mu mtengo unzake. Anati ameneyo anatengera amayi ake, iwo akanangokhoma.

Amayi akewo anali doña Ercilia. Chithunzi chawo chinali pamwamba pa kabati. Mzimayi wowonda, atavala nsapato za jombo, akuyang'ana wojambula ngati wawachedwetsa ntchito. Don Eleodoro anati anamwalira nyengo yachisanu ina, msewu utatsekeka. Anati oyandikana nawo anagulitsa minda mmodzimmodzi. Amene anagula sabwera. Utsi wa m'chigwa chonsecho ndi wawo okha.

Titatha kudya anatenga nyali. Anati tikaone katundu amene wandiyendetsa mtunda wonsewu.

Shedi inali yotseguka mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa. Pakhomo pake panapachikidwa macheka a injini. Ndinaonapo ambiri, a anthu odula nkhuni. Awa anali ena. Chitsulo chake choyendapo tcheni chinali chachitali kufika pachifuwa panga. Chinali chomangidwa m'felemu ya zitsulo, yoti izitsetsereka pamwamba pa chipika tcheni ikudya cham'mbali. Kunsonga kwake kunali chogwirira chachiwiri, chokulungidwa ndi mphira ya tayala. Mphirayo inali yosalala ndi manja.

Anati macheka amenewa ndi a anthu awiri. Wina ku injini, wina kunsonga. Kunsongako ankagwira ndi doña Ercilia. Nyumba yonse anaicheka awiri, mpaka khola. Atapita iwo, ankagwira ndi Gastón akabwera pa tchuthi. Kenako tchuthi chinayamba kufupika. Anayesa okha. Anamanga chingwe kunsonga, nachidutsitsa pa nthambi, namangako mwala kuti uzikoka. Anati mwala umakoka bwino, koma sumva. Nsonga imamira, thabwa n'kutuluka lonenepa uku, lowonda uko.

"Shelefu ya makapu ija," ndinatero.

"Mwaiona? Ija tinacheka ndi mwala."

Matabwa a Gastón anali mkati, pamwamba pa mitanda. Osanjikizidwa bwino, timitengo pakati pa lililonse, miyala pamwamba kuti asapindike. Kumapeto kwake anapakako penti kuti asang'ambike. Panalibe fumbi. Panalibe ndowe ya mbewa. Munthu ankawasamala matabwa amenewo ngati odwala.

Anachotsa miyala. Awiri a pamwamba anali aakulu kuposa onse. Anati mtengowo unagwa ndi mphepo m'mbali mwa mtsinje, ndipo awiriwa anachokera pakati penipeni, ogundizana. Tinawagoneka moyandikana. Anakweza nyali. Mizere ya lina inali mizere ya linzake, yoyang'anizana. Pamene lina linali ndi mfundo, linzake linali nayo. Pamene lina linapindika ngati mtsinje, linzake linapindikira kwina mofanana. Anati amenewa amawatcha mapasa. Tebulo ndi iwowa. Enawo ndi a mabenchi chabe.

Ndanyamula matabwa ambiri pamoyo wanga. Lonyowa ukaligogoda limayankha ngati thumba la ufa. Louma limalira. Ndinagogoda. Linalira mpaka agalu anatukula makutu. Ndinanyamula kumapeto. Lopepuka.

"Auma awa."

"Kunja kokha. Lenga ndi mtengo wabodza. Madzi amabisa m'kati."

"Don Eleodoro."

Anapachika nyali pa msomali. Anaikonza ngati yapendekeka, koma sinapendekeke. Anasisita thabwa ndi chikhatho.

"Anauma chaka chimene Gastón anakwatira," anatero. "Mukawakweza, chake chatsala n'chiyani kuno? Nyama ya nkhosa ku Coyhaique amagulitsa."

Ndinatulutsa foni. Kumeneko foni ndi tochi chabe. Ndinaibweza m'thumba. Ndinati ine ndangotumidwa. Anavomera ndi mutu. Anati matabwawo ndi a mwana wawo, sangakanganirane ndi mlendo. Mmawa tikweza onse. Koma anapempha chinthu chimodzi. Kumtsinje kuli chipika china chimene chadikira nthawi yaitali, ndipo chikagonanso nyengo yachisanu ina chifumbwa. Ndiwagwirire kunsonga kamodzi kokha. Ndinati ndinyamuka m'mamawa. Anati macheka nawo amadzuka m'mamawa.

Anandigoneka pa bedi la Gastón. Linali lowongoka, la nthawi ya anthu awiri. Zofunda zinali zochapa kumene, ngati zimayembekezera munthu.

Kunja kukuyera anali atadzuka kale. Ndinawapeza pakhonde, macheka pa mawondo, akunola tcheni ndi tupa. Dzino limodzilimodzi. Udzu unali mbuu ndi chisanu. Masamba a lenga m'phiri anali atayamba kufiira. Tinamwa tiyi uja choimirira. Tinanyamula machekawo awiri, iwo ku injini, ine kunsonga, ngati tanyamula munthu wovulala.

Chipikacho chinali pa mitanda, makungwa atasenda kale. Pamwamba pake anali atakhomerapo makwerero achitsulo, ogonekedwa, kuti felemu iyende pa chinthu chowongoka. Misomali yake inali ndi dzimbiri. Ntchitoyo anaikonza kalekale, n'kungotsala munthu.

Anazula ubweya wa nkhosa pa waya wa mpanda. Anandipatsa kuti nditseke m'makutu. Asanatseke awo anandiuza malamulo.

"Musakankhe. Musakoke. Muziyenda nane basi."

"Zophweka."

"Gastón ananenanso choncho."

Anakoka chingwe. Injini inatsokomola, kenako inabangula. Tinagwada, iwo mbali iyo, ine mbali ino. Tcheni inaluma mtengo.

Ndinakankha. Sindinafune, koma ndinakankha. Macheka ankayenda ngati nkhono, ndipo thupi langa silidziwa kuyenda choncho. Nsonga yanga inatsogola. Chitsulo chinapingasa. Injini inabuula, utsi n'kutuluka pampata. Don Eleodoro anatukula mutu. Anandiyang'ana kudutsa chipikacho. Akanayankhula sindikanamva. Ndinabweza manja. Injini inapezanso mawu ake.

Tinayenda ndi mawondo. Utuchi wonse unkabwera kwa ine, wofunda, wonona mafuta. Unalowa m'khosi, m'manja mwa malaya, m'kamwa. Tikayenda pang'ono, iwo ankatenga kamtengo kosongoka m'thumba n'kukakhoma pampata kumbuyo kwathu, kuti mtengo usapane tcheni. Kenako n'kupitiriza.

Pakati pa chipika ndinazindikira kanthu. Ndinkawamva m'chogwiriracho. Akafuna kusuntha bondo, chitsulo chinkandiuza chisanachitike. Tikafika pa mfundo, ankachepetsa, ine n'kuchepetsa nawo osayang'ana. Bondo lawo lamanzere linali lodwala. Palibe anandiuza. Ndinalimva. Ndinayamba kulidikira.

Ine ndimadya choimirira. Ndimagona nsapato zili pakhomo zoloza kunja. Sindikumbukira tsiku limene ndinayendapo mayendedwe a munthu wina.

Tcheni inatulukira kumapeto. Tinachotsa chigamba cha pamwamba pamodzi ndi makwerero aja. Pansi pake panatsala posalala. Koma limenelo silinali thabwa, unali msana chabe. Thabwa limafuna ulendo wachiwiri. Don Eleodoro anamasula felemu, naitsitsa, naimanganso. Anathira mafuta. Sanandiyang'ane. Ndinali nditalonjeza ulendo umodzi wokha. Sindinawakumbutse. Ndinangopita kunsonga kwanga.

Ulendo wachiwiri sindinakankhe.

Injini itazima, chigwa chinangoti zii. Phokoso la mtsinje linabwerera pang'onopang'ono. Tinatukula thabwalo n'kulitembenuza. Nkhope yake inali yofiirira ngati nyama ya nsomba, yonyezimira ndi madzi, ikutuluka nthunzi m'chisanumo. Fungo lake ngati la maapozi oyamba kusasa. Don Eleodoro anagwada kumapeto. Anatsinzina diso limodzi, nayang'ana m'mphepete mwake kuchokera uku mpaka uko. Anayeza ndi zala mbali yawo. Anabwera kudzayeza mbali yanga.

"Hm," anatero. "Wansembe amatha."

Anachotsa ubweya m'khutu limodzi. Anati kwawo kuno thabwa loyamba ndi la wogwira kunsonga. Ndi mwambo, sanauyambe ndi iwo. Limeneli ndi langa. Koma sindingalitenge lero. Pa lole lingapindike ngati chikopa cha padzuwa. Ligone m'shedi nyengo zachisanu ziwiri, mwina zitatu. Ndidzabwere.

Ndinaseka. "Msampha womwe uja, madala."

"Ili ndiye ligogodeni mumve."

Ndinagogoda. Thumba la ufa.

Ndinawauza kuti ndilibe nyumba yoikamo thabwa. Ndilibe ngakhale khoma. Anati thabwa lonyowa silifunsa za nyumba. Likadzauma ine osaoneka, adzapangira shelefu yoti makapu azikhala phee.

Tinakweza katundu wa Gastón dzuwa lisanatuluke paphiri. Sanazengereze. Sananenenso za madzi. Anayala mabulangete akale pansi pa lole. A mabenchi poyamba. Mapasa pomaliza, nkhope kuyang'anizana, nsalu pakati. Chingwe anamanga okha. Mfundo zanga sanazikhulupirire. Anakoka, nakokanso. Kenako anati ndidikire, akatenge kanyama ka mwana.

Ndinatsala ndekha. M'shedi munali mitanda yokhayokha, ndi timitengo tija titamwazika pansi. Pamalo pa matabwa panatsala dothi loyera, lamakona anayi. Galu wina anapita kukanunkhiza pamenepo, nagona.

Ndinaganiza za miyendo ija m'galaja. Gastón sanalakwe. Tebulo ndi lake, anachekanso ndi manja ake. Kenako ndinaganiza za tochi ija ikufufuza pa mpando wopanda munthu.

Ndinamasula chingwe.

Thabwa louma ndi lopepuka, koma mapasa aja anali aatali ndi otambalala. Munthu mmodzi sangalitsitse osaliphwanya ngodya. Ndinakoka limodzi la mapasawo mpaka theka. Ndinakanirira pamenepo, theka pa lole, theka pa phewa. Ndi mmene anandipezera, thumba la nyama lili m'manja.

"Mukutani, Nibaldo?"

"Ili silinaume. Ndaligogoda. Gwirani uko."

Anaima. Anayang'ana thabwa, nayang'ana ine. Anaika thumba pa udzu. Anapukuta manja pa thalauza, nagwira.

Tinalibweza m'shedi. Anasesa mitanda ndi chikhatho tisanaligoneke. Anayala timitengo. Anabwezera miyala pamwamba, ngakhale thabwa louma silifuna mwala.

Anati Gastón akanditukwana. Ndinati atukwane msanga, chifukwa mawa ndili kumpoto. Anaseka pang'ono. Kenako nkhope inagwa.

"Nanga akangogula thabwa la m'sitolo n'kulumikiza?"

"Mwina atero."

"Mwina." Anatola kamtengo, nakatembenuza m'manja. "Koma mizere siingagwirizane. Azidya akuiona. Amayi ake sakanapirira."

Sindinawalonjeze kanthu. Gastón sindimudziwa. Mwina adzakwera galimoto Loweruka lomwelo atakwiya. Mwina adzatuma wina wa lole wopanda makutu. Mwina miyendo ija idzangoima m'galaja mpaka mkazi wake adzaitulutse panja.

Ndinamanganso chingwe. Anayesa mfundo yanga ndi chala, naisiya. Anatola thumba lija n'kuliika pa mpando wa pambali panga.

"Nyama iyi ndi yanu. Yake adzaipeza kuno."

Ananditsegulira geti. Ndinatulutsa dzanja pawindo. Analigwira kamodzi, mwamphamvu, nalisiya. Anati ndisamale pa mlatho wachiwiri, thabwa la kumanzere anacheka ndi mwala.

Pagalasi ndinawaona akutseka geti. Sanaime kundiyang'ana. Anatembenuka, nalowera kumtsinje, agalu pambuyo. Thabwa langa linali likadali pa udzu. Mmene adzalifikitsire m'shedi okha sindikudziwa. Ndinakumbukira nditawoloka kale mlatho.

Msewu unali woyera ndi chisanu. Kumbuyo thabwa limodzi lalikulu linkagunda pa anzake pa bampu lililonse, koma ndinkalimva chapatali. Injini nayo inkamveka chapatali. Ndinafika pa msewu waukulu ndikudabwa kuti dziko lachita bata chotere bwanji. Ndinagwira khutu. Ubweya uja unali ukadalimo.

Ndinausiya momwemo, n'kukhotera ku Coyhaique.